N'chifukwa chiyani katemera wa HIV, malungo ndi chifuwa chachikulu wavuta chonchi?

Funso limene ndalandira likuti: "Mwana akabayidwa katemera wa chikuku kawiri, timauzidwa kuti watetezeka moyo wake wonse, ndipo katemera wa COVID-19 anapezeka chaka chisanathe n'komwe. Nanga zikutheka bwanji kuti asayansi akhala zaka makumi ambiri akufufuza za HIV, malungo ndi chifuwa chachikulu koma mpaka lero alibe katemera wamphamvu ngati ameneyo? Kodi vuto ndi ndalama, kapena pali chimene sakutiuza?"

Ndalama zili ndi mbali yake pa nkhaniyi, ndipo ndidzazitchula, koma gwero la vutoli lili m'thupi mwathu momwemu. Katemera sapatsa munthu mphamvu yachilendo; amangotsanzira zimene thupi limachita lokha likakumana ndi matenda. Pa nthenda imene munthu akadwala n'kuchira sadwalanso, wofufuza amakhala ndi chitsanzo choti atengere, ndipo ntchito yake imangokhala yopeza njira yopatsira thupi phunziro lomwelo popanda kulidwalitsa. Matenda atatu amene mwatchulawa ndi osiyana ndi amenewo, chifukwa thupi lenilenilo siliwagonjetsa kotheratu, choncho wofufuza akuyenera kuphunzitsa thupi chinthu chimene ngakhale matenda enieniwo amalephera kuliphunzitsa.

Chikuku ndicho chitsanzo chabwino cha matenda a mtundu woyambawo. M'chaka cha 1846 mliri wa chikuku unagwa pa zilumba za Faroe, zimene zili m'nyanja pakati pa Scotland ndi Iceland, ndipo boma la Denmark linatumizako dokotala wachinyamata dzina lake Peter Panum. Matendawa anali atatha zaka 65 osaonekanso kumeneko, kuchokera mu 1781, moti anthu pafupifupi 6,000 mwa anthu osakwana 8,000 anadwala. Chimene Panum anaona n'chakuti okalamba amene anadwalapo chikuku mu 1781 sanadwalenso, ngakhale kuti mliriwo unali ponseponse powazungulira. Matupi awo anali akukumbukirabe mdani amene anamuona kamodzi kokha ali ana. Nthomba nayo inali chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake Edward Jenner anatha kupanga katemera wake mu 1796 pogwiritsa ntchito nthomba ya ng'ombe, pa nthawi imene panalibe munthu wodziwa kuti vairasi n'chiyani. Mu 1980 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthomba yatheratu pa dziko lonse. Ndimakonda kukumbutsa anthu kuti akatemera oyambirirawo anagwira ntchito eni ake asanamvetse chifukwa chake, ndipo zinatheka chifukwa thupi linkadziwa kale chochita.

Kukumbukira kumeneku kumachitika motere. Tizilombo tikadutsa khungu kapena mamina a m'mphuno, timayamba takumana ndi maselo oyera a m'magazi amene amangomeza chilichonse chachilendo mosasankha. Maselo amenewa anawatulukira Élie Metchnikoff mu 1882. Iwo amafika msanga, koma sasunga chithunzi cha mdani aliyense payekha. Ntchito yosunga chithunziyo ndi ya maselo a B ndi maselo a T. Selo lililonse la B limabadwa ndi kachigwiriro kakekake, kosiyana ndi ka linzake, ndipo mu 1976 Susumu Tonegawa anasonyeza kuti thupi limapanga mitundu yosawerengeka ya tizigwiriro timeneti posakaniza tizidutswa ta majini, amene ndi malangizo a chibadwa olembedwa m'maselo. Kachilombo kakalowa, maselo ochepa chabe ndiwo amapezeka kuti kachigwiriro kawo kakugwirizana ndi maonekedwe a kachilomboko. Amenewo amachulukana mofulumira m'timagulu ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo kutupa kumene timakutcha mwanabere ndi chizindikiro cha ntchito imeneyo. Pakatha mlungu umodzi kapena iwiri amayamba kutulutsa ma antibody, mapuloteni amene amamatirira kachilombo n'kukalepheretsa kulowa m'maselo. Maselo a T ali pawiri: a CD8 amapha maselo amene alowedwa kale ndi kachilombo, pamene a CD4 ndi amene amatsogolera nkhondo yonse ndi kudzutsa enawo. Matenda akatha, ambiri mwa asilikaliwa amafa, koma ena amatsala zaka zambiri, ndipo ena amakakhazikika m'mafuta a m'mafupa n'kumapitiriza kutulutsa ma antibody.

Chofunika kugwira apa n'chakuti thupi limakumbukira maonekedwe. Kachilombo ka chikuku sikangasinthe kwambiri mapuloteni a kunja kwake popanda kutaya luso lolowera m'maselo a munthu, moti katemera amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1963, wochokera ku kachilombo kamene kanapezeka mu 1954, akutetezabe lero, ndipo wobayidwa kawiri amatetezeka pa mlingo wa 97 peresenti.

Tsopano taonani mmene HIV ikusiyanirana ndi zimenezi. Kachilomboka, kamene kanapezeka mu 1983 ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris ndi gulu la Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier, kamalowa m'maselo a CD4 enieniwo, kutanthauza kuti kamayamba ndi kupha atsogoleri a nkhondo. Pochulukana kamagwiritsa ntchito puloteni yotchedwa reverse transcriptase, imene imakopera malangizo a kachilomboko molakwitsalakwitsa ndipo sibwerera kukakonza. M'thupi la munthu amene sakumwa mankhwala mumapangidwa tizilombo mabiliyoni tsiku lililonse, tambiri mwa ito tosiyana pang'ono ndi makolo ake. Ma antibody akamadzafika, amapeza kuti mdani amene anamukonzekera wasintha kale nkhope. Ofufuza anapeza kuti kusiyanasiyana kwa HIV m'thupi la munthu mmodzi yekha kungafanane ndi kusiyanasiyana kwa vairasi ya chimfine pa dziko lonse m'chaka chimodzi, ndipo mukudziwa kuti katemera wa chimfine amafunika kukonzedwanso chaka ndi chaka. Kuwonjezera apo, puloteni imene kachilomboka kamalowera nayo m'selo yakutidwa ndi timashuga tochuluka kwambiri, pafupifupi theka la kulemera kwake konse, ndipo timashugato timapangidwa ndi selo la munthu mwiniyo, moti chitetezo cha m'thupi chimationa ngati tathu.

Chovuta koposa zonse, m'kuona kwanga, ndi chakuti HIV imalumikiza malangizo ake m'kati mwa DNA ya selo la munthu, momwe mumasungidwa majini ake, ndipo imachita zimenezi m'masiku oyambirira enieni munthu atangoitenga. Ena mwa maselo amenewo amagona tulo kwa zaka zambiri osaonetsa chizindikiro chilichonse, moti asilikali a m'thupi sangawazindikire ndipo ma ARV sangawachotse. Ichi ndicho chifukwa chake munthu akasiya mankhwala kachilombo kamabwerera m'magazi pakangotha milungu yochepa. Akatemera ambiri amene tili nawo amalola kachilombo kulowa pang'ono, kenako thupi n'kukathamangitsa kasanayambitse matenda. Pa HIV mpata umenewo palibe, ndipo katemera ayenera kutseka khomo kachilombo kasanakhazikike ngakhale m'maselo ochepa.

Mu April 1984 nduna ya zaumoyo ya United States, Margaret Heckler, inanena kuti ikuyembekezera kuti katemera adzakhala wokonzeka kuyesedwa m'zaka ziwiri. Zimene zatsatira ndi mndandanda wa zokhumudwitsa, ngakhale kuti chilichonse chinasiya phunziro. Katemera wotchedwa AIDSVAX analephera mu 2003. Kafukufuku wa STEP anaimitsidwa mu 2007. Kafukufuku yekhayo amene anaonetsa kuwala ndi wa RV144 ku Thailand, wa anthu oposa 16,000, amene mu 2009 anasonyeza chitetezo cha 31 peresenti. Koma pamene katemera wofanana naye anakonzedwa mogwirizana ndi mtundu wa HIV wofala kum'mwera kwa Africa n'kuyesedwa ku South Africa, kafukufukuyo anaimitsidwa mu 2020 chifukwa sanathandize. Kafukufuku wa Imbokodo mu 2021 ndi wa Mosaico mu 2023 anathanso chimodzimodzi.

Chiyembekezo cha ofufuza tsopano chili pa kagulu ka anthu amene, atakhala ndi HIV kwa zaka zingapo, matupi awo amafika popanga ma antibody apadera otha kugwira mitundu yambiri ya kachilomboka nthawi imodzi, chifukwa amalunjika pa malo ochepa amene kachilombo sikangawasinthe. Kwa eni akewo ma antibody amenewa amafika mochedwa, kachilombo katakhazikika kale. Koma pa kafukufuku wa AMP, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, imodzi mwa ma antibody amenewa yotchedwa VRC01 inaperekedwa kwa anthu amene analibe HIV, ndipo inawateteza pa mlingo wa 75 peresenti ku mitundu ya kachilombo imene inkatha kuigwira bwino, ngakhale kuti ku mitundu ina yonse sinathandize. Umenewu unali umboni wakuti antibody yoyenera ingatsekedi khomo. Ntchito yatsala ndi yakuti thupi lizipanga lokha, ndipo njira imene ikuyesedwa ndi yobaya akatemera angapo osiyana motsatizana, woyamba kuti adzutse maselo a B osowa kwambiri amene angathe kukula kukhala otero, ndipo otsatirawo kuti awawongolere pang'onopang'ono. Pa kuyesa koyamba kumene kunafalitsidwa mu 2022, gawo loyambalo linatheka mwa anthu 35 pa 36 amene anabayidwa. Ndi gawo loyamba chabe. Ndionjezere kuti jakisoni wa lenacapavir, wobayidwa kawiri pa chaka, amene mu 2024 anateteza amayi onse oposa 2,000 amene anamulandira pa kafukufuku wa ku South Africa ndi Uganda, ndi mankhwala osati katemera, chifukwa akatha mphamvu m'thupi chitetezo chimathanso.

Malungo ali ndi vuto la mtundu wina. Kachilombo kake, Plasmodium falciparum, si vairasi koma kanyama ka selo limodzi, ndipo pamene asayansi anamaliza kuwerenga malangizo ake a chibadwa mu 2002 anapeza majini oposa 5,000, pamene HIV ili ndi 9 okha. Kamasinthanso maonekedwe pa gawo lililonse la moyo wake. Udzudzu ukaluma umalowetsa tizilombo tochepa timene timathamangira kuchiwindi, ndipo m'menemo kachilombo kamodzi kamabala ena masauzande ambiri m'kati mwa mlungu umodzi munthu asakumva chilichonse. Tikatuluka m'chiwindi timalowa m'maselo ofiira a m'magazi n'kumawaphulitsa pa maola 48 alionse, ndipo ndi pamenepo pamene thupi limatentha ndi kunjenjemera. Maselo ofiira ndi malo abwino obisalamo, chifukwa alibe njira yosonyezera maselo a T kuti m'kati mwawo muli mlendo. Kachilomboka kamaika puloteni yomata pamwamba pa selo lofiira kuti limatirire m'mitsempha, ndipo kali ndi majini pafupifupi 60 opangira puloteni imeneyo m'maonekedwe osiyanasiyana. Kamagwiritsa ntchito imodzi pa nthawi, ndipo thupi likaizindikira kamasinthira ku ina.

Ndicho chifukwa chake munthu amadwala malungo mobwerezabwereza. Akuluakulu a m'madera a malungo amakhala ndi chitetezo ndithu, koma n'chosakwanira: chimabwera atadwala kambirimbiri, chimawateteza ku malungo akupha koma osati ku tizilombo m'magazi, ndipo chimafooka akasamukira kumalo opanda malungo kwa zaka zingapo. Ana aang'ono ndi amene amafa chitetezocho chisanakhwime. M'chaka cha 2023 chokha, malinga ndi World Health Organization, anthu pafupifupi 597,000 anamwalira ndi malungo, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka 5 a mu Africa.

Zinthu ziwiri zinalimbitsa mtima ofufuza. Mu 1961 ku Gambia, Sydney Cohen ndi Ian McGregor anatenga ma antibody m'magazi a akuluakulu n'kupatsa ana odwala malungo, ndipo tizilombo m'magazi a anawo tinachepa. Mu 1967 Ruth Nussenzweig anasonyeza kuti mbewa zobayidwa tizilombo ta malungo tofooketsedwa ndi cheza champhamvu zimatetezeka. Kuchokera ku ntchito yake kunadziwika puloteni imene imakuta kachilombo pa nthawi imene kakuchoka mwa udzudzu, ndipo ndi puloteni imeneyo imene kampani ya GSK pamodzi ndi Walter Reed Army Institute of Research, bungwe lofufuza la asilikali a United States, anapangira katemera wa RTS,S mu 1987. Kuyesa kwake kwakukulu, pa ana oposa 15,000 m'mayiko 7 a mu Africa, kunachitika kuyambira 2009 mpaka 2014, ndipo kunasonyeza kuti ana obayidwa kanayi malungo amawachepera ndi 36 peresenti m'zaka zinayi. Mu 2019 katemerayu anayamba kuperekedwa ku Ghana, Kenya ndi Malawi, ndipo World Health Organization inamuvomereza mu October 2021, patatha zaka 34 chipangidwireni. Wachiwiri, R21, wopangidwa ku yunivesite ya Oxford, anavomerezedwa mu October 2023, ndipo m'madera amene malungo amabwera pa nyengo yake anateteza pa mlingo wa 75 peresenti m'chaka choyamba.

Ena amanyoza 36 peresenti poiyerekeza ndi 97 ya chikuku, koma ine sindigwirizana nawo. Katemerayu amagwira kachilombo pa kanthawi kochepa kamene kali pa ulendo wochoka pakhungu kupita kuchiwindi, ndipo ngati kamodzi kokha kapulumuka, malungo amabwera. Komanso pa nthenda imene mwana angaidwale kangapo pa chaka, kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu n'kupulumutsa miyoyo yambiri. M'madera a mayiko atatu aja amene katemerayu anaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 peresenti. Katemerayu salowa m'malo mwa neti kapena mankhwala, amangowonjezera pa izo.

Chifuwa chachikulu chili ndi katemera wakale kwambiri, BCG, amene Albert Calmette ndi Camille Guérin anamupanga ku France ndipo anaperekedwa koyamba mu 1921. Iye amateteza bwino makanda ku TB yoopsa ya m'bongo ndi yofalikira thupi lonse, koma ku TB ya m'mapapo ya akuluakulu, imene ndiyo imafalitsa matendawa, chitetezo chake n'chosadalirika, ndipo pa kafukufuku wosiyanasiyana chapezeka kuchokera pa 0 mpaka 80 peresenti. Bakiteriya wa TB, amene Robert Koch anamulengeza pa 24 March 1882, amamezedwa ndi maselo omeza tizilombo aja n'kukhala ndi moyo m'kati mwawo. Thupi limamangira mpanda wa maselo pomuzungulira, ndipo mpandawo umam'tsekera komanso umam'sunga. Akuyerekeza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse pa dziko lapansi anatengapo bakiteriyayu, koma 5 mpaka 10 okha pa 100 alionse ndiwo amadzadwala, nthawi zambiri chitetezo chikatsika chifukwa cha HIV, matenda a shuga kapena kusowa kwa chakudya m'thupi. Ngakhale wochira TB angathe kuitenganso. Chimene chimachedwetsa kwambiri kafukufuku apa n'chakuti palibe chizindikiro cha m'magazi chimene asayansi angayeze n'kunena kuti munthu uyu watetezeka, monga amachitira ndi ma antibody a chikuku. Njira yokhayo yodziwira ngati katemera akugwira ntchito ndiyo kubaya anthu masauzande ambiri n'kudikira zaka kuti aone amene adwale.

Za COVID-19 sindichulutsa mawu. Kachilombo kake kali m'gulu la matenda amene anthu ambiri amachira okha, ndipo kali ndi puloteni imodzi yoonekera bwino, yooneka ngati minga, imene ma antibody amaigwira mosavuta. Malangizo a chibadwa a kachilomboka anafalitsidwa mu January 2020 ndipo katemera anayamba kuperekedwa ku United Kingdom pa 8 December chaka chomwecho, koma maziko ake anali atayalidwa kale. Asayansi anali ataphunzira za abale ake a kachilomboka pa mliri wa SARS wa 2002 ndi 2003 komanso MERS kuyambira 2012, ndipo Katalin Karikó ndi Drew Weissman anali atapeza kale mu 2005 njira yopangira mRNA (uthenga wouza selo puloteni yoti lipange, umene akatemera ena a COVID-19 amagwiritsa ntchito) kuti thupi lisaikane, ntchito imene analandirira mphotho ya Nobel mu 2023. Njira zambiri zoyesera akatemera, ngakhalenso magulu a ofufuza ndi zipatala zimene zinayesa katemera wa COVID-19, zinachokera ku kafukufuku wa HIV wooneka ngati wolepherayo. Ndipo ngakhale katemerayu amateteza kwambiri ku matenda aakulu ndi imfa, saletsa kotheratu kutenga kachilombo, chifukwa nakonso kamasintha.

Pa ndalama, wofunsayo sanalakwitse kwenikweni. Boma la United States lokha linaika madola oposa 10 biliyoni pa ntchito ya katemera ndi mankhwala a COVID-19 m'miyezi yochepa, zimene zinalola makampani kumanga mafakitale zotsatira za kafukufuku zisanatuluke. Matenda a anthu osauka sapeza mwayi wotero, ndipo nkhani ya katemera wa TB wotchedwa M72 ikusonyeza zimenezi bwino lomwe. Zotsatira zake zomaliza za gawo lachiwiri la kuyesa, zochokera ku Kenya, South Africa ndi Zambia, zinatuluka mu 2019 ndipo zinasonyeza kuti pakati pa akuluakulu amene anali kale ndi bakiteriya m'thupi, odwala TB anachepa ndi theka. Chinali chinthu chimene ofufuza anachiyembekezera kwa zaka pafupifupi 100, komabe kuyesa kwakukulu kotsiriza sikunayambe mpaka mabungwe a Gates Foundation ndi Wellcome atalonjeza madola pafupifupi 550 miliyoni mu 2023. Anthu oyamba anabayidwa ku South Africa mu March 2024, pa kafukufuku wokonzedwa kuti akhale ndi anthu pafupifupi 20,000, ndipo popeza TB imachedwa kuonekera, ofufuza ayenera kuwatsatira anthuwo kwa zaka zingapo asananene ngati theka lija latsimikizika.